Mukasemphana ndi mmisiri wa nyumba: kokadandaula, wogamula ndi nkhani ya apilo

Mikangano yambiri ya mwini nyumba ndi mmisiri imabuka nyumba ikafika pa lintala. Apa ndalama zoyamba zimakhala zatha, malata ndi matabwa a denga akufunika nthawi imodzi, ndipo aliyense amayamba kuwerengera mwake. Mwini nyumba amati ndinalipira zoposa ntchito yomwe ndikuiona. Mmisiri amati abwana, mwaonjezera khonde ndi chimbudzi cham'kati zomwe sitinapangane, komanso simenti yakwera. Nyumba imaima pomwepo, udzu n'kumera m'zipinda, ngati zija timaziona m'mbali mwa msewu wochoka ku Luchenza kupita ku Chitakale.

Chomwe ambiri amachizindikira mochedwa ndi chakuti njira yothetsera mkanganowo, ngakhalenso ufulu wochita apilo, zimakhala zitakhazikika kale pa tsiku lomwe anasaina mgwirizano. Choncho musanapite kulikonse, tulutsani pepalalo.

Werengani kaye zomwe munasaina

Fufuzani ndime yonena za mikangano. Kawirikawiri imakhala chakumapeto, pomwe anthu amafika atatopa ndi kuwerenga. Mukapezamo mawu akuti arbitration, dziwani kuti munagwirizana zoti nkhani yanu idzagamulidwe ndi munthu wosankhidwa ndi mbali zonse ziwiri, kunja kwa khoti. Munthuyu maloya amamutcha arbitrator, kapena kuti wogamula. Ku Malawi kuno njirayi imayendera lamulo la Arbitration Act la 1967, ndipo lamuloli limafuna kuti mgwirizano wotere ukhale wolembedwa. Kupangana pakamwa pansi pa mtengo wa mango kuti "tikadzasemphana adzatiweruza auje" sikulowa mu lamuloli.

Ngati mulibe ndime yotere, kapena munangopangana pakamwa monga zimakhalira ndi amisiri ambiri a m'midzi, khomo la khoti ndi lotsegula. Pangano la pakamwa ndi mgwirizano ndithu pamaso pa lamulo, vuto lake ndi umboni basi. Mukhozanso kugwirizana zopita kwa wogamula mkangano utayamba kale, bola mulembe ndi kusaina nonse awiri.

Onaninso dzina lomwe lili pa mgwirizanowo. Ngati munasaina ndi kampani, mudzasumira kampaniyo, osati mwini wake kapena folomani yemwe mumamuona pamalopo. Makontirakitala amayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina lake lakale la NCIC. Kukadandaula kumeneko kukhoza kumuika kontirakitala pa mwambo, koma nkhani yobweza ndalama zanu muiyendetsebe m'njira zomwe zili m'munsizi.

Kenako dziwani mtundu wa mgwirizano wanu. Ngati mmisiri analandira ndalama ya ntchito ya manja yokha, inu n'kumagula zipangizo, ndiye kuti njerwa zosapsa kapena mchenga wamatope womwe munabweretsa nokha ndi vuto lanu, ngakhale mmisiri wodziwa ntchito amayenera kukuchenjezani asanazigwiritse ntchito. Ngati anatenga zonse, zipangizo ndi ntchito, vutolo limagwera iye.

Umboni usonkhanitsidwe nyumba isanakhudzidwe

Apa ndi pomwe milandu yambiri imafera. Munthu akakwiya amathamangira kupeza mmisiri wina, amagumula khoma lopindikalo, amapaka pulasitala pa ming'alu, n'kupita kukadandaula atafafaniza yekha umboni wake. Musalole aliyense kugwira chipupa kufikira izi zitachitika.

Jambulani chilichonse ndi foni, kutali ndi pafupi. Pa mng'alu ikanipo tepi kapena ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kuoneke, ndipo lembani deti ndi pensulo kumapeto kwake. Pakapita milungu iwiri kapena itatu jambulaninso. Mng'alu wopyapyala wa pulasitala womwe sukuyenda ndi nkhani yaing'ono. Koma mng'alu wopendekeka wochokera pa kona ya zenera, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotakasuka kumtunda ndipo ukutalika, umaloza ku fawundeshoni yomwe ikutitimira. Ku Thyolo ndi ku Mulanje nyumba zambiri zimamangidwa pa malo otsetsereka, mbali ina yokumba ina yothira dothi, ndipo dothi lothiralo likapanda kutsenderedwa bwino limatsika pa mvula yoyamba.

Ngati nkhani ndi ya malata, musadalire maso. Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 30 kapena 32, ndipo kusiyanako kumayezedwa ndi chipangizo. Sungani chidutswa chimodzi ndi lisiti lake. Ngati ndi konkire, mphamvu yake imawerengedwa pa masiku 28, ndipo injiniya ali ndi njira zoyezera ngakhale konkire youma kale. Lembaninso matumba a simenti a makilogalamu 50 omwe munapereka pa gawo lililonse, chifukwa wodziwa ntchito akayeza chipupa amatha kunena matumba omwe anayenera kulowamo.

Ikani pamodzi malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba, masitetimenti a kubanki, ndi zokambirana zonse za pa WhatsApp. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti limalola mauthenga otere kukhala umboni, choncho foniyo musaigulitse kapena kufufuta kanthu. Anthu omwe amamangitsa ali ku Johannesburg asamale kwambiri apa: ndalama zomwe zinadutsa m'manja mwa mlamu kapena mphwanu ziyenera kuoneka kuti zinafikadi kwa mmisiri, apo ayi mmisiri adzangoti sindinalandire.

Pomaliza, lipirani katswiri woima payekha, injiniya kapena wowerengera mitengo ya zomangamanga yemwe ali wolembetsedwa, adzaone nyumbayo ndi kulemba lipoti. Lipotilo linene zinthu zitatu: mtengo wa ntchito yomwe yagwiridwa, zomwe zalakwika ndi chifukwa chake, ndi ndalama zofunika kukonza ndi kumaliza. Muitaneni mmisiri mwa kalata kuti adzakhalepo tsikulo. Akakana kubwera, kalatayo idzakuyankhulirani.

Kalata ya chenjezo

Kuthamangitsa mmisiri popanda chenjezo kukhoza kukusandutsani wophwanya mgwirizano, ngakhale iye ndiye anayamba kulakwa. Kumulanda wilibala, mafosholo ndi matabwa ake okwerapo ngati chikole nakonso kumampatsa mlandu woti akusumireni. Lembani kalata yaifupi yopanda mawu achipongwe, mwachitsanzo:

"Bambo, malinga ndi mgwirizano wathu, denga linayenera kukhala litatha pa deti lomwe tinalemba. Kufikira lero ntchito yaima pa lintala ndipo khoma la kuchipinda chochezera lang'aluka. Ndikukupemphani kuti mubwerere pa ntchito ndi kukonza zimenezi pasanathe masiku 14 chilandirireni kalatayi. Mukalephera, ndithetsa mgwirizano, ndipeza mmisiri wina, ndipo ndalama zoonjezera ndidzazifuna kwa inu."

Ngati mgwirizano wanu unatchula masiku ake a chenjezo, tsatirani amenewo. Kalatayo iperekedwe pamanja pali mboni, asaine pa kope lanu, ndipo mutumizenso chithunzi chake pa foni.

Mukufuna zingati kwenikweni

Ambiri amapita kokadandaula akufuna ndalama zonse zomwe analipira, pomwe nyumba ili chiimire pa malo awo. Lamulo limayesa kukufikitsani pomwe mukanakhala mgwirizano ukanakwaniritsidwa. Tiyerekeze kuti munapangana K20,000,000, mwalipira K12,000,000, ndipo zatsala K8,000,000. Lipoti likuti kukonza ndi kumaliza kufuna K11,000,000. Zomwe mungafune kwa mmisiri woyamba ndi K3,000,000, kuonjezerapo zina zomwe mwataya chifukwa cha kuchedwa ngati muli ndi umboni wake, monga lendi. Lamulo limayembekezeranso kuti muchepetse kuonongeka: kusiya matabwa a denga pamtetete miyezi ya chiperoni mpaka ataola, n'kudzafuna kuti mmisiri alipire, sikudzamveka.

Yembekezerani kuti nayenso adzabwera ndi zake. Adzanena za ntchito yoonjezera, za malipiro omwe munachedwetsa, ndi za mitengo. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mapangano ambiri a mtengo wokhazikika anasanduka mikangano. Ngati mgwirizano ulibe ndime yolola kusintha mtengo, mmisiri amamangidwa ndi mtengo womwe anasaina. Koma ngati kuchedwa kunachokera kwa inu, mpaka mitengo n'kukwera, nkhani imatembenuka. Za mvula nazonso zimabwera nthawi zonse. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023, yemwe anakokolola nyumba, misewu ndi milatho ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ndi chifukwa chomveka choonjezera nthawi. Mvula ya masiku onse ya January si chifukwa, popeza aliyense womanga kuno amaidziwa ndipo amayenera kuiwerengera popangana masiku.

Yesani kukambirana, koma mulembe

Mkhalapakati, kaya ndi a mfumu, mkulu wa mpingo kapena mmisiri wamkulu yemwe nonse mumampatsa ulemu, amathandiza kuti mumvane koma alibe mphamvu yokakamiza. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo pa mikangano yaing'ono ndiyo yanzeru. Mukagwirizana, lembani ndalama, madeti ndi ntchito yoti ichitike, nonse musaine pamodzi ndi mboni. Dziwani kuti zomwe mwavomera nokha mwa njirayi zilibe apilo, choncho musasaine chifukwa chochita manyazi ndi akuluakulu omwe akhala pamenepo.

Kupolisi si kotolera ngongole. Ntchito yosalongosoka kapena yochedwa ndi nkhani ya mgwirizano. Zimasiyana ngati munthu anatenga ndalama mwachinyengo, wopanda cholinga chilichonse chomanga. Ofesi ya Ombudsman nayo imaona madandaulo okhudza maofesi a boma, osati mkangano wa inu ndi mmisiri wanu.

Mmene nkhani imayendera kwa wogamula

Gawo loyamba ndi kulembera mnzanuyo kuti pali mkangano, kutchula mfundo zake imodzi imodzi, ndi kupereka maina awiri kapena atatu a anthu omwe mukuganiza kuti angagamule. Mfundozo muzilembe zonse, chifukwa wogamula ali ndi mphamvu pa zokhazo zomwe zaperekedwa kwa iye. Ngati mgwirizano sunatchule chiwerengero, wogamula amakhala mmodzi. Mapangano ena amatchula mkulu wa bungwe la akatswiri, monga la ojambula mapulani a nyumba kapena la mainjiniya, kuti ndiye adzasankhe. Mnzanuyo akangokhala chete kapena kukana dzina lililonse, mukhoza kupempha High Court kuti isankhe.

Kusankha munthuyu ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa mukamuika simungamuchotse nokha popanda chilolezo cha khoti. Ngati mkangano ndi wa ming'alu ndi konkire, sankhani injiniya. Ngati ndi wa miyeso ndi mitengo, sankhani wowerengera zomangamanga. Ngati ndi wa tanthauzo la ndime, loya. Mufunseni mwa kalata ngati anagwirapo ntchito ndi mnzanuyo kapena ali naye pa ubale. Funsaninso malipiro ake musanayambe. Mosiyana ndi majisitireti yemwe amalipidwa ndi boma, wogamula mumamulipira nokha, kuphatikizapo ulendo wake wochokera ku Blantyre kudzaona nyumba ku Limbuli kapena ku Thekerani. Pa mkangano wa ndalama zochepa, malipirowo akhoza kumeza zonse zomwe mukulimbirana, ndipo pamenepo ndi bwino nonse kuvomerezana mwa kalata kuti mupite kwa majisitireti.

Pa msonkhano woyamba mumapangana madeti: lomwe wodandaula apereke nkhani yake yolembedwa, lomwe winayo ayankhe, lokaona nyumba, ndi lomvetsera mboni. Pemphani kuti chigamulo chidzakhale ndi zifukwa zake zolembedwa. Chilichonse chomwe mukutumiza kwa wogamula, mnzanuyo alandirenso kope lake. Kumuimbira foni panokha madzulo kuti "mumufotokozere bwino" kukhoza kudzagwetsa chigamulo chomwe munapambana.

Wina akathamangira kukhoti pomwe pali ndime ya arbitration, winayo akhoza kupempha khoti kuti liimitse mlanduwo. Pempholi liyenera kuchitika msanga, musanapereke yankho lanu pa mlanduwo kapena kuchita china chosonyeza kuti mwavomera kuweruzidwa kukhotiko. Mukayamba mwayankha, mwayiwo mwautaya.

Chigamulo cha wogamula chikakuipirani

Apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Chigamulo cha wogamula ndi chomaliza ndipo chimamanga mbali zonse. Simungapite kwa jaji n'kunena kuti wogamulayo anakhulupirira mboni yolakwika kapena anawerengera njerwa moperewera, kuti jaji aimvenso nkhaniyo. Changu chomwe munapeza ku arbitration munachigula ndi ufulu umenewo.

Makomo omwe atsala ndi opapatiza. Ngati pali kulakwitsa kwa kalembedwe kapena ziro yosowa pa nambala, wogamula yemweyo akhoza kukonza, ndiye mulembereni tsiku lomwelo. High Court ikhoza kubweza chigamulo kwa iye kuti aonenso mfundo ina, mwachitsanzo ngati anasiya osagamula chimodzi mwa zomwe munampatsa. Ikhozanso kuchifafaniza ngati wogamula sanayendetse bwino nkhaniyo kapena ngati chigamulocho chinapezeka mwachinyengo. Zitsanzo zake ndi izi: anamva mbali imodzi inayo kulibe, anakukanizani kuyankha lipoti la mnzanu, anagamula zomwe sizinaperekedwe kwa iye, anabisa kuti ali pa ubale kapena pa malonda ndi mbali ina, kapena analandira chiphuphu. Lamuloli limalolanso kuti funso la malamulo lomwe labuka nkhani ili m'kati litumizidwe ku High Court kuti iliunike, koma izi zimapemphedwa chigamulo chisanatuluke.

Kuti makomo amenewa adzakuthandizeni, dandaulani nthawi yomweyo cholakwikacho chikachitika, mwa kalata, n'kusunga kope. Munthu yemwe anaona kuti wogamula wafika pa galimoto ya kontirakitala, n'kukhala chete kudikira kuti aone ngati apambane, khoti limamuona ngati anavomera. Chigamulo chikatuluka, pitani kwa loya sabata yomweyo. Ngati mulibe ndalama ya loya, ofesi ya Legal Aid Bureau imathandiza anthu ochepekedwa ikaunika mmene amapezera.

Njira ya khoti ndi makwerero a apilo

Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira pa nkhani ya mgwirizano, kuwerengera kuchokera pomwe mgwirizanowo unaphwanyidwa. Malire amenewa amagwiranso ntchito ku arbitration. Zaka 6 zimaoneka zambiri, koma mboni zimasamuka ndipo malisiti a m'mashopu amafufutika okha pakapita miyezi, ndiye ajambulitseni lero.

Makhoti a majisitireti, monga a pa boma la Mulanje ndi la Thyolo, amamva milandu ya ndalama kufika pa malire omwe amatengera udindo wa majisitiretiyo. Kalaliki wa khoti adzakuuzani ngati nkhani yanu ikukwanira pamenepo. Zoposa malirewo zimapita ku High Court ku Blantyre, komwe malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri idutse kaye pa mkhalapakati pamaso pa jaji isanafike pomvedwa. Musapite tsikulo ngati mwambo chabe. Tengani lipoti lanu ndi nambala yomwe mungavomere.

Mukalandira chisamani, yankhani m'masiku omwe alembedwapo. Mukanyalanyaza, chigamulo chimaperekedwa inu kulibe, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kupempha khoti lomwelo kuti lichichotse, mutafotokoza chomwe chinakulepheretsani ndi kuonetsa kuti muli ndi yankho lomveka.

Apilo yochokera kwa majisitireti imapita ku High Court, ndipo chidziwitso chake chimaperekedwa pasanathe masiku 14 chiperekedwereni chigamulo. Yochokera ku High Court imapita ku Supreme Court of Appeal: milungu 6 pa chigamulo chomaliza, masiku 14 pa chigamulo cha m'kati mwa mlandu. Ngati High Court inamva nkhaniyo ngati apilo kale, kupitirira pamenepo kumafuna chilolezo. Mukachedwa mumayenera kupempha kuti akuonjezereni nthawi, ndipo "ndimafunafuna ndalama" sichikhala chifukwa champhamvu. Masikuwo yambani kuwerenga tsiku lomwe chigamulo chawerengedwa, musadikire kuti pepala lotayipidwa lituluke.

Khoti la apilo limagwira ntchito ndi zolembedwa za khoti loyamba. Silipita kukaona nyumba yanu mwachisawawa, ndipo umboni watsopano limaulola pokhapokha ngati sukanatheka kupezeka poyamba. Lipoti la injiniya lomwe munaliona ngati lodula pa mlandu woyamba simungalibweretse pa apilo. N'chifukwa chake muyenera kuonetsetsa kuti chithunzi chilichonse ndi lisiti lililonse zalandiridwa ndi khoti ndi kulembedwa. Mfundo za apilo zikhale zolunjika: majisitireti analakwitsa lamulo liti, ananyalanyaza umboni uti womwe uli m'zolembedwazo, kapena anawerengera bwanji ndalama mosemphana ndi lipoti. Pa nkhani yoti mboni iti inanena zoona, majaji a apilo safulumira kutsutsa yemwe anaiona mboniyo ndi maso.

Kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Ngati simunapemphe padera kuti chiyambe chaima, masherifu akhoza kufika kudzatenga katundu apilo yanu ili m'kaundula. Pempholi liperekedwe pamodzi ndi chidziwitso cha apilo, ndipo khoti likhoza kulamula kuti ndalamazo muziike kaye kukhoti.

Kutolera zomwe mwapambana

Chigamulo cha wogamula chimafunika chilolezo cha High Court kuti chikakamizidwe ngati chigamulo cha khoti. Chilolezocho chikapezeka, njira zake n'zofanana ndi za mlandu wina uliwonse: masherifu kulanda ndi kugulitsa katundu, kapena khoti kulamula banki kapena munthu yemwe ali ndi ndalama za wolakwayo kuti azipereke kwa inu. Masherifu amafuna kuti muwalozere komwe kuli katunduyo, choncho nambala ya lole, malo a ofesi, ndi nambala ya akaunti yomwe munkatumizako ndalama muzisunge kuyambira pachiyambi. Fufuzani izi musanaononge ndalama pa mlandu, chifukwa mmisiri yemwe chuma chake ndi njinga ndi chikwama cha zida sadzabweza mamiliyoni ngakhale jaji atalamula, ndipo kwa wotere pangano loti azibweza pang'onopang'ono kapena adzakonze ntchitoyo moyang'aniridwa limapindula kuposa apilo.

Ngati mukulemba mgwirizano watsopano ndi mmisiri wodzamaliza nyumbayo, lipirani potsata magawo omwe atha ndipo mwawaona: fawundeshoni, pa zenera, pa lintala, denga, pulasitala. Pa malipiro aliwonse sungani 5 kapena 10 peresenti, yodzaperekedwa pakatha miyezi 6 mpaka 12 nyumba itatha. Kuno nthawiyo muipange kuti idutse nyengo yonse ya mvula kuyambira November mpaka April, chifukwa denga lomwe lakhomedwa mu August silingadziwike ngati likudontha kufikira mvula itagwa. Ntchito iliyonse yoonjezera ilembedwe ndi mtengo wake isanayambe. Pa ndime ya mikangano, lembani ndalama yomwe pansi pake mudzapita kwa majisitireti ndipo pamwamba pake kwa wogamula, yemwe adzamusankhe mukalephera kumvana, masiku omwe ayenera kutulutsa chigamulo, komanso kuti nkhaniyo idzamvedwera ku Mulanje kapena ku Thyolo komwe kuli nyumbayo.